Nsapato za Apongozi pa Gombe la Soar

Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osapumira, ndipo Loweruka lomwe inakata, apongozi ake a Tayamika anadzuka m'mamawa n'kuvala jekete. Pomwe iye ankatsika masitepe kuti akatereke madzi a tiyi, anawapeza atakhala kale pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo, nsapato atazipukuta mpaka kuwala. Limeneli ndilo tsiku lomwe mwana wawo Anthony, mwamuna wa Tayamika, anawalonjeza kuti akawaonetsa nyumba zakale za mzinda wa Leicester, ku Ulaya.

Koma Anthony anali atavala yunifolomu. Ku wodi ya kuchipatala kunaperewera anamwino ndipo anali atamuimbira foni.

“Uwatenge ndiwe,” anatero monong'ona ali kukhitchini, uku akumwa tiyi choimirira.

“Ine? Ndekhandekha ndi bambo?”

“Nanga akudya? Ndi bambo amenewa, si mkango.”

“Musandiseke, bambo a Hazel. Mukudziwa zomwe ndikunena.”

“Taona momwe avalira. Ukawauze ndiwe kuti ulendo walephereka.”

Tayamika anasuzumira. Mkuluyo anali akusisita chipewa chake pang'onopang'ono ngati mwana wodikira galimoto. Sanathe kukana.

Banja la Anthony linali la ku Ntcheu, ndipo kumeneko mkazi wokwatiwa amaopa apongozi aamuna. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, Tayamika anali asanakhalepo nawo pampando umodzi, asanawayang'anepo kumaso, ndipo dzina lawo linali lisanatulukepo pakamwa pake. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, bwalo ndi lalikulu. Koma m'kanyumba ka ku Spinney Hill, ka zipinda ziwiri ndi masitepe opapatiza, ulemuwo unali ntchito. Wina akafuna kutsika ankayamba watsokomola pamwamba kuti mnzake apatuke. Mawu ankadzera mwa Hazel, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zitatu. “Uwauze amayi ako kuti madzi atentha bwino.” Hazel ankatembenuka n'kubwereza m'Chingerezi, amayi ake ali pomwepo ndipo amva kale. Lero Hazel anali atapita kosambira ndi ana a pafupi, motero panalibe wodzeramo.

Komabe chomwe chinkamuopsa Tayamika sichinali mwambowo. Iye ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo maso ake anali atazolowera kuona zomwe abale a munthu safuna kuona. Miyezi itatu chifikireni apongozi ake, anali atapezapo nsapato yawo imodzi mufiriji. Tsiku lina mkuluyo anafunsa Hazel nthawi yomwe basi ya ku Balaka imadutsa. Tsiku linanso anakhala pawindo madzulo onse kudikira akazi awo, omwe anamwalira chaka chatha. Tayamika atatchula matenda oiwala a ukalamba, Anthony anakwiya.

“Bambo angotopa. Kunonso n'kwachilendo. Ukufuna alongo anga amve kuti bambo mutu wasokonekera? Ukudziwa zomwe amawachita okalamba kumudzi akawapeza akuyendayenda osadziwa komwe akupita. Amati ndi mfiti yagwa.”

Nkhaniyo inathera pomwepo.

Asanakwere basi anadzera pagolosale ya a Dawood, pakona ya msewu wawo. A Dawood anali mmwenye wobadwira ku Limbe, yemwe anabwera ku Leicester ali mnyamata, koma Chichewa sanachitaye. Ndiwo anayambitsa zonsezi, atamva kuti mlendoyo anagwira ntchito yomanga zaka makumi anayi.

“Achimwene, mwatchena ngati mukukafunsira mbeta!” anakuwa a Dawood ali kuseri kwa kauntala. Anatulutsa kapepala komwe analembapo mayina a malo. “Muyambire khoma la Aroma. Mukabwerako mudzandiuze ngati inu mukanamanga loposa pamenepo.”

“Ndikaliyeze kaye,” anayankha mkuluyo. “Mwina n'lokhota, anthu amangoliopa chifukwa cha ukalamba.”

A Dawood anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatembenukira kwa Tayamika. “Mwana wanga, mtsinje wa Soar wadzaza mpaka pakamwa. Muuonere patali.”

Anatsika basi pakati pa tauni. Mkuluyo anatsogola, Tayamika akutsatira mapazi asanu kumbuyo monga mwa ulemu, n'kumanena njira akuyang'ana kumbali. “Kumanzereku, bambo.” Kuntchito akatuluka ndi wokalamba ankamugwira mkono mpaka kubwerera. Apa manja ake analibe chochita, anangowapisa m'matumba a jasi.

Atafika pa khoma la Aroma, mantha ake anayamba kuchepa. Khomalo linaima pafupi ndi tchalitchi chakale cha St Nicholas, lalitali, lodyekadyeka, la miyala yotuwa yodulidwa ndi mizere ya njerwa zofiira zopyapyala. Apongozi ake anavula chipewa. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka diso limodzi n'kuliyeza ndi chala chachikulu. Popeza panalibe Hazel, analankhula ndi khomalo.

“Khoma iwe, uwauze amake Hazel kuti amene anakumanga sankathamangira kwawo. Taonani mizere yofiirayi. Si zokongoletsa ayi. Ukamanga ndi miyala yosafanana, khoma limayamba kuyenda lokha. Ndiye umaika mzere wa njerwa, kuliwongola, kulimanga lamba, kenako n'kupitiriza. Zaka zingati?”

“Akuti zatsala pang'ono kukwana zikwi ziwiri, bambo,” anayankha Tayamika akuyang'ana pansi.

“Zikwi ziwiri. Popanda simenti ya m'thumba.” Anatembenukira ku tchalitchi n'kuloza pamwamba pa mawindo ang'onoang'ono. “Ndipo awa a tchalitchiwa anaba njerwa za mnzawoyu. Sizomwezi izo? Akhristu!”

Tayamika anaseka atatseka pakamwa. Munthu uyu mutu wake unali bwinobwino. Mwina Anthony ankanena zoona.

Mkuluyo anapitiriza kuuza khoma nkhani zake. Anati tchalitchi chake choyamba anamanga ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kutsidya kwa Rivirivi. M'mawa uliwonse ankaoloka mtsinjewo wapansi. Nsapato zake zoyamba ankazibisa pachitsamba kuti zisanyowe, n'kukagwira ntchito wopanda nsapato. Kapitawo wawo anali munthu wa ku Zomba, wa mawu ngati bingu, ndipo wochedwa ankabwezedwa.

“Tinkamuopa kuposa madzi. Chaka china mtsinje unatenga mnzathu chifukwa choopa kuchedwa. Kuyambira pamenepo, mvula ikagwa kumtunda, kapitawo ankabwera yekha kudzaima pagombe. Ukangoika phazi m'madzi umamva, ‘Absalom, bwerera! Lero ntchito kulibe!’ Anali munthu woipa mtima, koma ambiri tili moyo chifukwa cha kukamwa kwakeko.”

Tayamika atamva dzinalo anawerama kwambiri, ngati waona chinthu chosayenera kuonedwa.

Kuchoka apo anatsetserekera kumlatho. Mtsinje unali wofiirira, wotupa, ukuthamanga mwakachetechete, utanyamula nthambi ndi mabotolo. Chakumunsi, m'mbali mwa madzi, munali fakitale yakale ya njerwa zofiira yokhala ndi chumuni chachitali. Apongozi ake anaima n'kuyang'ana kumeneko nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka ngati akuwerenga mizere ya njerwa. Tayamika anatsokomola kawiri mkuluyo asanasunthe.

Analowa m'munda wa maluwa wa Castle Gardens, womwe uli m'mphepete mwa mtsinje womwewo, kuti akaone tchalitchi cha St Mary de Castro chomwe chinali pakapepala ka a Dawood. Mkuluyo anangoona nsanja yake n'kupukusa mutu.

“Iyi aidula mutu. Inali ndi nsonga iyi.”

Zinali zoona. Nsongayo anaigwetsa zaka zingapo zapitazo itachita ming'alu. Tayamika anadabwa kuti adziwa bwanji, koma sanafunse.

Apa m'pomwe mkuluyo anaima, n'kukanda kukhosi, n'kuuza mtengo womwe unali pafupi kuti akufuna kupita kuseri pang'ono.

Tayamika anamva nkhope yake ikutentha. Kuntchito ankasambitsa azibambo asanu ndi mmodzi m'mawa uliwonse osaganiza kawiri. Koma awa anali apongozi. Sakanatha kuwauza kuti apirire mpaka akapeze chimbudzi m'tauni, sakanathanso kuima pafupi. Anatembenuka msangamsanga n'kuyenda mpaka kukafika pa benchi ya kutali, n'kukhala atafulatira. Anayang'ana masamba onyowa omwe anamatirira panjira. Anamva belu la tchalitchi china likulira kutali.

Panapita mphindi zisanu. Anadziuza kuti okalamba sachita zinthu mothamanga.

Panapita mphindi khumi. Tayamika wa kuntchito uja, yemwe ankaphunzitsa anzake atsopano kuti wokalamba woiwala sumuchotsera diso, anayamba kukuwa mkati mwake. Koma khosi linakana kutembenuka. Bwanji akatembenuka n'kuwaona asanamalize? Adzayang'anana bwanji m'kanyumba kaja?

Itakwana mphindi khumi ndi zisanu anaimirira. Anayenda chammbali, maso ali pansi, n'kuima patali ndi zitsamba zija.

“Odi, bambo.”

Kunali zii.

“Odi! Bambo, mwatha?”

Anazungulira zitsambazo. Kunalibe munthu. Kuseri kwake kunali kanjira kotulukira kugeti lina.

Anathamanga kukafika ku tchalitchi chodulidwa mutu chija, n'kubwerera, n'kukwera kachitunda ka m'mundamo komwe munthu amaona mbali zonse. Anaona mayi akukankha ngolo ya mwana, anyamata awiri a sukulu ya ukachenjede, nkhunda. Jekete yotuwa ndi chipewa sanazione. Maso ake ankangobwerera kumtsinje, iye n'kumawabweza.

Anaimbira Anthony. Foni inalira mpaka kuduka. Ku wodi mafoni amasiya m'makabati otseka. Anaimbanso. Kenako anaimbira apolisi.

Mayi yemwe anayankha anali wodekha mawu. Anafunsa malo, zaka za munthuyo, zomwe wavala, ngati ali ndi matenda alionse. Tayamika anamva pakamwa pake pakunena mawu omwe Anthony anawakaniza m'nyumba miyezi itatu: inde, akuoneka kuti ali ndi matenda oiwala, sadziwa mzinda uno, Chingerezi amamva pang'ono. Mayiyo anafunsa dzina. Tayamika anatchula la banja, lomwe linali lakenso. Mayiyo anafuna loyamba. Ngakhale apa, mtima ukugunda ngati utuluka, dzinalo linakana kudutsa pammero. Anapisa dzanja m'chikwama, n'kupeza kalata ya kuchipatala ya apongozi akewo, n'kutchula zilembo chimodzichimodzi ngati akuwerenga nambala ya galimoto.

“Mwakhala nthawi yaitali bwanji musanawaone?” anafunsa mayiyo.

“Mphindi makumi awiri. Mwina kuposa.”

“Munali kuti inuyo?”

Tayamika sanapeze yankho loti mzungu angalimve. Anangoti anali pafupi. Mayiyo anati atumiza anthu, ndipo iye asachoke pamalopo.

Anaimbira a Dawood.

“Asowa, bambo Dawood. Ndinawafulatira, asowa.”

“Mayo! Pafupi ndi madzi?”

“Ku Castle Gardens.”

“Ndikutseka sitolo pompano. Iwe usalire, ganiza. Munthu ameneyu satsata anthu, amatsata njerwa. Anayang'ana chiyani komaliza?”

Chumuni chija.

Tayamika anaiwala zoti asachoke. Anatuluka pageti, n'kuthamanga kubwerera kumlatho, jasi ikumukoka m'mawondo. Pamlatho anagwira mkono wa mayi wina woyenda ndi galu. Kodi waonako bambo wachikulire, wakuda, wa chipewa? Mayiyo anati inde, watsikira kunjira ya m'mbali mwa madzi, ndipo amayenda mofulumira ngati wachedwa kwinakwake.

Ngati wachedwa. Mawu amenewa anamulowa Tayamika ngati minga.

Anatsika masitepe a miyala. Njira ya m'mphepete mwa mtsinje inali yoterera, ndipo m'malo ena madzi anali atakwera n'kuiphimba mpaka m'kakolo. Anadutsa moyang'anizana ndi fakitale ya chumuni ija. Mawindo ake ambirimbiri anangomuyang'ana, onse otseka. Apongozi ake panalibe. Anapitirira. Uku kunalibe anthu, kunali makoma akale akuda ndi utsi wa zaka zambiri, mipanda ya malata ya malo omwe ankamangapo nyumba zatsopano, ndi mitengo yoweramira m'madzi. Chinthu chilichonse chotuwa choyandama chinkamuimitsa mtima. China chinali thumba la pulasitiki. China chinali chipika.

Ankathamanga akuona zinthu zomwe zinali zisanachitike. Ankaona Anthony akutuluka mu wodi, nkhope itagwa. Ankamva foni ya ku Ntcheu, alamu ake akufunsana kuti bambo anapita ku Ulaya ali bwinobwino, nanga mkazi uja anawatani? Ankaona bokosi pabwalo la ndege. Ndipo pansi pa zonsezi panali chinthu chimodzi chosavuta kumva: anapatsidwa munthu wamoyo m'mawa, iye n'kumufulatira.

Kenako anayamba kumva mkokomo. Poyamba ankayesa magalimoto, koma unkakula akamayandikira. Kutsogoloko kunali malo omwe anthu akale anamanga khoma lalifupi lopingasa mtsinje, kuti madzi azikwera n'kuyendetsa mabwato ndi makina a mafakitale. Masiku ena madzi amangotsetsereka pamwamba pake mofatsa. Lero ankagwa ndi ukali, n'kumawira thovu loyera pansi pake.

Pansi pa chitsamba, m'mbali mwa njira, panali nsapato ziwiri zakuda, zowala, zitaikidwa bwinobwino moyandikana. Sokosi iliyonse inali itapindidwa n'kulowetsedwa mu nsapato yake.

Tayamika anamva mawu achilendo akutuluka pakhosi pake. Anadzutsa maso.

Anali pomwepo. Anali atadutsa pansi pa zitsulo zotchingira, n'kutsikira pamiyala pomwe khoma lija limayambira. Buluku anali atalipinda mpaka m'mawondo, mwaukhondo, mbali zonse mofanana. Madzi anali m'akatumba. Dzanja limodzi linagwira nthambi yopyapyala ya mtengo wa pagombe, ndipo phazi lamanja linkafufuza kutsogolo, pamwala wa ndere, monga amachitira munthu wodziwa kuoloka. Maso awo anali kutsidya, pa khoma la njerwa zofiira la nyumba ina yakale.

“Bambo!”

Sanatembenuke.

“Bambo! Bambo, imani!”

Anawerama n'kudutsa pansi pa zitsulozo. Tsopano anali pafupi moti ankaona madontho a madzi pachipewa chawo. Anamumva ndithu, pakuti mutu unagwedezeka pang'ono, koma mawuwo sanali awo. Tayamika anazindikira ndi mantha atsopano kuti munthu waima m'madziyu si bambo wa wina aliyense. Ndi mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wopanda mkazi, wopanda mwana, yemwe wachedwa kuntchito. Akamuyandikira mwadzidzidzi adzadzidzimuka, ndipo mwala uja sudzamukhululukira.

Phazi lija linapeza popondapo. Zala zinayamba kumasuka panthambi.

Kuntchito ankawauza atsopano kuti wokalamba akapita kutali, usamukokere kuno. Pita komwe aliko, ukamutenge. Ankanena zimenezi mosavuta, atanyamula kapu ya tiyi. Anakoka mpweya mpaka m'mimba. Anaima chilili, miyendo motalikirana, monga sanaimepo pamaso pa mwamuna aliyense wa banja limenelo.

“Absalom!”

Dzinalo linatuluka lolemera, lokalipa, losakhala lake. Linadutsa pamwamba pa mkokomo wa madzi n'kukagunda makoma a kutsidya.

“Absalom, iwe! Bwerera! Lero ntchito kulibe!”

Msana wa mkuluyo unawongoka. Zala zinagwiranso nthambi. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

“Kulibe, bwana?”

“Kulibe! Sukuona madziwo? Bwerera msanga, ndisakubwerezenso!”

“Koma njerwa zafika dzulo.”

“Zidikira! Bweretsa phazi limenelo kuno!”

Anamvera. Anabweza phazi lakutsogolo, n'kuyamba kutembenuka. Pomwepo phazi linalo linaterereka. Tayamika sanadziwe nthawi yomwe analowera m'madzi. Anangomva kuzizira kukumuluma mpaka m'mafupa, dzanja lake lamanja litagwira lamba wa apongozi ake, lamanzere litakola chitsulo cha mpanda. Mtsinje unakoka, iye anakokanso. Chipewa chinagwa, chinazungulira kamodzi, n'kulowa m'thovu muja osaonekanso. Anakoka kachiwiri ndi mphamvu zomwe amanyamulira anthu pabedi, ndipo onse awiri anagwera pagombe, m'matope, mutu wa mkuluyo uli pachifuwa pake.

Anakhala choncho kanthawi, akupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo. Kenako anawadzutsa, n'kuwadutsitsa pansi pa zitsulo, n'kuwakhazika pakhoma lalifupi la m'mbali mwa njira. Anavula jasi yake n'kuwafunditsa. Mapazi awo anali atatuwa ndi kuzizira, chala chimodzi chikutuluka magazi. Anagwada, n'kuvula mpango wa m'khosi, n'kuyamba kuwapukuta, phazi limodzi kenako linalo, pakati pa zala, monga amachitira tsiku lililonse ndi makolo a anthu ena. Anawaveka sokosi. Anawaveka nsapato n'kumanga zingwe.

Atamaliza anaimbira apolisi kuwauza komwe ali, kenako a Dawood. Anakhalabe chogwada. Sanayerekeze kudzutsa maso.

Mkuluyo anayang'ana buluku lake lonyowa, matope a pajekete, mtsinje, nyumba za kutsidya.

“Uno si Rivirivi,” anatero motsitsa.

“Ayi, bambo. Ndi ku Leicester kuno.”

“Ndinafika bwanji pano?”

“Munayenda, bambo.”

Anagwira pamutu, n'kupeza chipewa palibe. Dzanja linatsika pang'onopang'ono.

“Wina amandiitana. Ndinamva dzina langa.”

Tayamika akanatha kunena kuti anali madzi. Akanatha kunena kuti anali mzungu wodutsa. Mkuluyo mwina akanakhulupirira, ndipo pofika mawa akanaiwala.

“Ndinali ine, bambo. Ndinakutchulani dzina. Ndinakukalipirani, ndinakugwiraninso. Mundikhululukire.”

Anadikira. Madzi ankangokokoma. Apongozi ake sanayang'ane mtengo, kapena khoma, kapena mpanda woti autume mawu. Anayang'ana iyeyo.

“Dzukani, mayi. Mwanyowa.”

Anadzuka. Kanali koyamba kuona maso awo pafupi. Anali ofiira m'mbali, ndipo munali mantha ochuluka kuposa ake.

“Si koyamba,” anatero mkuluyo. “Kumudzi zinandichitikirapo kawiri. Ulendo wina ndinapezeka kumunda kwa eni, dzuwa likulowa, osadziwa njira. Malemu apongozi anu aakazi ndiwo ankandibisa. Ankanditsata kulikonse ngati mbuzi yawo. Tikiti yanga yobwerera kumudzi ndi ya Januwale. Kumeneko Rivirivi ndi weniweni. Adzandiitana ndani?”

Tayamika sanafune kunama.

“Tiyambe tawauza bambo a Hazel,” anatero. “Lero lomwe. Zonse.”

“Adzakana. Mwana ameneyu amandiona ngati khoma.”

“Akaona bulukuli sakana.”

Mkuluyo anatulutsa kamawu ka m'mphuno kokhala ngati kuseka. “Mukanene ndinu. Ine ndikakhala pomwepo. Ndikaiwala, mukandikumbutse pamaso pake.”

Chakumtunda kwa njira kunaoneka anthu atatu akubwera mothamanga: apolisi awiri a majekete achikasu, ndi a Dawood kumbuyo kwawo, akupuma movutika, atanyamula bulangete lomwe linali likadali m'pulasitiki yake ya m'sitolo.

“Achimwene!” anakuwa ali patali. “Ndinati mukayeze khoma, sindinati mukasambe!”

Atafika anamukulunga mkuluyo m'bulangetelo.

Apolisi anafunsa mafunso awo, n'kunena kuti ambulansi ikudikira pamlatho, ayende pang'onopang'ono. Mkuluyo anaimirira. Mwa chizolowezi, Tayamika anabwerera m'mbuyo kuti awapatse mapazi asanu aja. Koma dzanja lozizira, lokhakhala ndi zaka makumi anayi za njerwa, linatuluka m'bulangete n'kumugwira pamkono.

Anayenda moyandikana, iye ali mbali ya kumadzi. Atangoyenda pang'ono anamva mkuluyo akuchepetsa liwiro. Mutu wawo unali utatembenukiranso kutsidya, ku khoma lofiira lija, ndipo milomo inali itayambanso kuwerenga mizere. Tayamika anapanikiza dzanjalo m'khwapa mwake, n'kulisunga dzina lija pafupi, pansonga pa lilime.